Tsache la Nasimango

Kalekale, m'mutu mwa munthu wina wosula makasu munali mudzi. Musaseke, ana inu, m'bongo mwanumo ulimonso!

M'mudzimo munali amithenga ndi osesa. Amithenga ankapatsirana mawu khomo ndi khomo mpaka akafike ku dzanja kapena ku mwendo. Koma mawu akanenedwa, makoko ake ankagwera pakhomo n'kumalirabe. Osesa ndiwo ankawachotsa kuti uthenga watsopano umveke. Ndiwonso ankaphikira amithengawo.

Nasimango ankasesa pakhomo pa Kachingwe, wamthenga wa ku dzanja lamanja. Mawu akabwera oti "Gwira!", Kachingwe ankawapititsa, Nasimango n'kusesa. Akabwera oti "Siya!", ankawapititsa, Nasimango n'kusesa.

Tsiku lina Nasimango akumupatsa chakudya, Kachingwe anamukankha pagulu.

"Choka apa, wazinyalala iwe! Mutu uno timauganizira ndife. Iwe umatha chiyani?"

Amithenga onse anafa nacho chiseko. Nasimango mtima unamuwawa koopsa. "Uona," anatero chamumtima. Anatenga tsache lake n'kulisomeka padenga.

Wosula uja ankagwira nyundo tsiku lonse, choncho makoko oti "Gwira!" anaunjikana. Anafika m'mawondo. Anafika m'khosi. Nasimango ankangoyang'ana.

Ndiye wosulayo anatola khasu poyesa kuti lazizira. Linali lamoto! Uthenga unabwera chothamanga: "Siya! Siya!" Koma Kachingwe akanamva bwanji? Pakhomo ponse panali "Gwira! Gwira!" Iye anapititsa zomwezo, dzanja n'kufumbata chitsulocho zolimba. Mayo ine, fungo lake!

"Mayi Nasimango, sesaniko, ndapota nanu!" analira Kachingwe.

"Ine wazinyalala?" anatero Nasimango. "Ganizani nokha, achimwene. Si paja oganiza ndinu?"

Makoko aja sanaleke kulira, ndipo Kachingwe sanaleke kuwapititsa. Anafuula, anafuula, mpaka mawu anamuthera, n'kuuma ngati phesi.

Dzanja lija linapuwala. Makasu sanasulidwenso, njala n'kulowa m'nyumba ya wosula, n'kukwera mpaka kumudzi wa m'mutu uja. Nasimango nayenso anaonda, nthiti kuoneka.

Osesa anzake anamufunsa, "Mnzathu, sukumva chisoni?"

Iye anayang'ana tsache lake padenga paja. "Njala ikundipweteka ndithu," anatero, "koma anayamba kuuma ndi Kachingweyo."

Apa mpomwe yathera nthano yanga. Wosesa pakhomo pako usamunyoze, chifukwa ndiye amachititsa kuti uzimva.