Kamtsuko ka Mayi Nanzunga

Panali munthu wina wa ku Dedza kuno, mmisiri womanga nyumba. Manja ake anali achangu, mtima wake unali wabwino, koma anali ndi nthenda imodzi: sankatha kuona munthu akuvutika iye n'kukhala pansi. Ukangoti watopa, ankakulanda khasu usanamalize n'kuyankhula komwe.

Chaka china kutchalitchi analengeza kuti kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kuli mudzi womwe ukufuna kumanga nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, pafupi ndi kachipatala kawo. Amayi akumeneko ankadikira tsiku lawo pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lawo, mphepo yawo. Pankafunika anthu odzipereka, okagwira ntchito yaulere. Mmisiri uja anaimika dzanja wolengeza asanapume. Analonga levulo yoonera ngati khoma lawongoka, chingwe ndi mpeni wake womangira m'thumba, nawoloka malire pamodzi ndi anzake angapo.

Kumudziko anawalandira ngati akwati. Chiyankhulo chinali chathu chomwechi, kungoti eni ake amathiramo timawu ta Chipwitikizi apa ndi apo. Mmisiriyo anamupezera malo kwa bambo wina dzina lake Sipiliyano, woumba njerwa, munthu woseka ndi thupi lonse. Ntchito anali ataigawana kale alendo asanafike. Abambo anali ataumba njerwa n'kuotcha uvuni. Anyamata ndiwo ankaponda dothi lomangira, poti simenti inali yochepa ndipo anaisunga kuti adzazirire pansi. Amayi ankatunga madzi kudambo n'kudzathira mumgolo. Inali nyengo yotentha, ndipo aliyense ankadziwa kuti makoma omangira dothi ayenera kufoleredwa mvula isanagwe.

M'mawa woyamba amayi anatulukira pamzere, ndowa pamutu, nyimbo pakamwa. Mmisiri anasangalala, njerwa zinkangouluka m'manja mwake. Mzere uja utathira madzi n'kubwerera, anaona mayi wina akubwera yekha kumbuyo kwenikweni. Dzina lake anali Nanzunga. Mwendo wake umodzi unali wopuwala chibadwire, ndipo ankayenda motsimphina, atasenza kamtsuko kakang'ono. Madzi ake sakanakwana ngakhale kusambitsa khanda.

Mtima wa mmisiri unasweka ndi chisoni. Anasiya njerwa, nathamanga, namulanda kamtsuko kaja pamutu anthu onse akuona.

"Mayi, pumulani," anatero. "Ife tabwera kuti anthu ngati inu mupume. Mawa musadzavutikenso, madzi alipo ambiri."

Anakathira yekha madziwo mumgolo, nabweza kamtsuko kopanda kanthu. Nanzunga anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo, amisiri," anatero, natembenuka. Mmisiri anabwerera pantchito akuimba likhweru. Tsiku limenelo anadzimva kuti ndi Mkhristu weniweni.

Mawa lake Nanzunga sanabwere. Mkuja sanabwerenso. Mmisiri anati mumtima mwake, "Wamva, akupuma." Ndipo ntchito inayenda, abale, inayenda mokoma! Masana ankakhala pamthunzi n'kumadya chinangwa chophika ndi thobwa. Anyamata anamuphunzitsa kuvina ngoma ya kwawo, naseka mpaka misozi poona mmene ankapondera ngati akupha njoka. Iye anawaphunzitsa kuyang'ana kadontho ka mulevulo. Khoma linafika m'chiuno, linapitirira mawindo, mpaka linatalika kuposa munthu.

Makoma atatsala pang'ono kutha, amayi anabwera ndi nyimbo yatsopano. Ankaiimba akumwetulira, maso ali kwa iye:

"Mlendo wathu ngwachifundo, ee,
watula mtolo, watula ndi mwini wake."

Nyimbo ya amayi siphonya munthu. Mmisiri anaimva ikumulasa, koma sanadziwe kuti walakwa pati. Paja amati safunsa anadya phula. Iyeyu phula anali atadya kale, koma anafunsabe. Anakokera Sipiliyano kuseri kwa uvuni.

"Achimwene, amayiwa akundiimbiranji?"

Tsiku limenelo Sipiliyano sanaseke. "Kuno kwathu, amisiri, nyumba ya mudzi timailowa ndi thukuta. Tsiku lotsegulira, amayi amaimba banja lililonse n'kutchula chimene linasenza. Amene sanafikitse yekha katundu wake pantchito, dzina lake silimveka. Nanzunga alibe mwamuna woumba njerwa. Alibe mnyamata woponda dothi. Ali ndi kamtsuko kaja basi, ndi mwana wamkazi yemwe ali ndi pakati potopa. Inu munamuuza pagulu kuti madzi ake ngosafunika. Tsopano akuti mwana wake adzadikirira pansi pa mango pomwe paja, sangakagone m'nyumba ya eni ake."

"Komatu ine ndinkamuthandiza!"

"Eya, munamuthandiza ndithu. Munamuthandiza mpaka kumutulutsa panja."

Mmisiri anachita manyazi, manyazi oti ukadamubaya sakanatuluka magazi. Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe anapita kwa Nanzunga kukapepesa. Mayiyo anamuyalira mphasa, namupatsa mtedza, nati, "Palibe kanthu, amisiri." Pakhonde panakhala mwana wake wamkazi uja, wotopa, miyendo itatupa. Koma m'mawa mwake Nanzunga sanabwerebe. Kupepesa kunali chifundo chinanso, ndipo chifundo n'chimene Nanzunga anali atakhuta kale.

Linafika tsiku lomaliza makoma. Panatsala mzere umodzi wa njerwa pamwamba pa khomo, kenako mitengo ya denga ndi malata. Kumapiri kunali kutada bii, mphepo ikununkha mvula. Mgolo unali wodzaza, dothi louma lili mulu pansi, anyamata atakwinya kale mabuluku kuti aponde.

Mmisiri anatsika pansanja. Anaika mpeni wake pansi, nakhala panjerwa. Munthu amene chibwerere sanamuonepo atakhala ntchito ilipo, anakhala.

"Dothi la pakhomo ili silipondedwa ndi madzi a mumgolo," anatero mokweza kuti onse amve. "Likudikira madzi a mayi Nanzunga. Popanda amenewo, ine sindimanga."

Anzake ochokera kwawo anamuzungulira. Anamuonetsa mitambo. Anamukumbutsa kuti mvula ikagwa pamakoma osafolera, thukuta la mudzi wonse lisungunuka ngati mchere. Iye ankadziwa zimenezo kuposa iwo. Koma sanadzuke.

Mawu sachedwa kuyenda pamudzi. Posakhalitsa anthu anaona Nanzunga akutuluka m'nyumba mwake, nkhata m'manja, kamtsuko m'khwapa, akutsetserekera kudambo. Anazimiririka m'mabango. Kunagunda bingu. Anthu anadikira.

Kenako anatulukira, kamtsuko pamutu, akukwera chitunda. Phazi limodzi, kukoka linzake. Phazi limodzi, kukoka linzake. Apa mpamene mmisiri anagwira ntchito yolemetsa kuposa zonse zimene anagwira m'dziko la eni. Miyendo inkamuyabwa kuti athamange. Manja ankafuna kukalanda. Anawakhalira manjawo, zenizeni, anawaika pansi pa ntchafu n'kuwakhalira. Sipiliyano atamuona anaphulika kuseka mpaka kugwira pamimba.

Amayi anatula ndowa zawo nakaima mbali zonse ziwiri za njira. Palibe anakhudza kamtsuko. Anangoyamba kuomba m'manja motsata mayendedwe ake, kuomba kumodzi paphazi lamphamvu, kuwiri paphazi lokoka, mpaka kutsimphina kuja kunasanduka gule. Nanzunga anayesa kuumitsa nkhope, koma zinamukanika. Anafika pamulu wa dothi akuseka, mano onse panja. Anatula yekha kamtsuko, nathira yekha madzi ake, osataya ngakhale dontho.

Nthungululu zinang'amba mudzi. Mmisiri anavula nsapato nalumphira m'dothimo, naponda pamodzi ndi anyamata, ndi kavinidwe kake kophera njoka kaja. Madziwo anangokwanira dothi la mzere umodzi, ndipo mzere umodzi ndi umene unkafunika. Njerwa zinakwera pakhomo. Abambo anakweza mitengo, malata anayenda dzanja ndi dzanja, nyundo zinalira paliponse.

Ndisakunamizeni kuti mvula inawadikira. Inawapeza ali padenga, inawanyowetsa mpaka mkati, ndipo ngodya imodzi yomwe inali isanafoleredwe inakokoloka ndithu. Mawa lake anaimanganso, akusekana za mmene aliyense anathawira. Palibe amene anadandaula.

Tsiku lotsegulira amayi anaimba mabanja onse, lina ndi lina, la njerwa, la mchenga, la mitengo. Atafika pa madzi a pakhomo, anatchula Nanzunga, nabwereza, nabwerezanso. Iye analowa m'bwalo, nsalu atamanga m'chiuno, navina mpaka fumbi. Atatha anatenga mphasa ya mwana wake, namugwira dzanja, nalowa naye pakhomo paja mutu uli m'mwamba. Sanaodire. Munthu saodira pakhomo pake.

Tsono inu amene mukukonzekera ulendo wokamanga kwa anzathu akutali, ndimvereni. Pitani ndi mphamvu zanu zonse, ndipo mukasangalale, chifukwa ntchito yotere ndi yokoma. Koma kumbukirani kuti mlendo ndi mame. Inu mudzabwerako, iwo adzatsala ndi nyumbayo, ndipo adzailowa momasuka pokhapokha ngati muli thukuta lawo. Mukakaona munthu akubwera pang'onopang'ono ndi kanthu kake kochepa, mtima wanu wabwinowo udzakuuzani kuti thamanga ukamulandire. Muyambe mwafunsa. Akakuuzani kuti akufuna kufika nako yekha, khalirani manja anu, mumudikire, ngakhale kumapiri kutada.