Agalu Awiri ndi Odi wa Pageti

Panali munthu wina, dzina lake a Makwinja, amene anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi kwa zaka makumi atatu. Ntchito imeneyi ndi yolowa m'mipanda ya eni, ndipo m'mipanda ya eni mumakhala agalu. Choncho a Makwinja ankadziwa agalu a tauni yonse, osati ndi mayina, koma ndi mano. Anakwerapo mumtengo wa mapeyala atavala yunifomu. Anakhalapo padenga la bafa la eni kuyambira m'mawa mpaka masana, chigalu chili pansi chikuwayembekezera. Ndipo nthawi iliyonse akatsika, uku akupukuta thukuta, ankalumbira chamumtima kuti tsiku lina adzakhala ndi galu wawowawo, wamkulu, woti anthu azimuthawa mmene iwo ankathawira.

Anthu timalota zosiyana. Ena amalota galimoto, ena munda wa fodya. A Makwinja ankangolota kuona munthu mnzawo ali mumtengo.

Atapuma pa ntchito anayamba ndi mpanda. Anazunguliza nyumba yawo ndi njerwa, n'kuika geti lazitsulo patali ndithu ndi khonde. Analembetsanso chikwangwani cha zilembo zofiira chochenjeza anthu za galu wolusa, galuyo asanamuone n'komwe.

Akazi awo, Nazimbiri, anali munthu wa anthu. Mpanda usanamangidwe, pakhonde pawo sipankasowa mlendo. Amayi ochokera kuchigayo ankatula mitolo pamenepo n'kupuma. Odwala miyendo ankakhalapo, a nkhani zawo ankakhalapo, ndipo aliyense ankanyamuka atadya mbatata ndi tiyi. Koma chimangireni mpanda, alendo anayamba kuchepa. Anachepa, anachepa, mpaka mphasa ya alendo inatha milungu ili chipindire kuseli kwa chitseko. Nazimbiri ankaphikabe mbatata zambiri monga anazolowerera, madzulo n'kumazinyenyera nkhuku.

Tsiku lina anafunsa amuna awo kuti, "Abambo, kodi ine ndinawalakwira chiyani anthu?"

"Ndi nsanje ya mpanda imeneyo, musadandaule," anatero a Makwinja.

Anayankha msanga choncho, koma mtima unawawawa. Ankaona ndi maso awo kuti mkazi wawo wasiya kuseka, ndipo chitenje chayamba kumuzungulira kawiri.

M'mawa wina a Makwinja anavala jekete, natenga chingwe chatsopano chokhuthala ngati chomangira ng'ombe, ulendo wa kwa a Juwawo, bambo amene ankaweta agalu ogulitsa kutsidya kwa mlatho. Panjira anakumana ndi Nasibeko, mnzawo wa Nazimbiri wa pachitsikana, mayi wa mawondo ovuta woyenda ndi ndodo. Anawapatsa moni, koma moni anabwera wouma.

"Mwatitaya bwanji masiku ano, mayi?" anafunsa a Makwinja.

Nasibeko anakhomerera ndodo pansi. "Takutayani ife? Ine ndabwera katatu konse. Kachitatu ndinabwera kudzaitana akazi anu ku chinkhoswe cha mdzukulu wanga. Ndinaima pageti panu paja, odi, odi, mpaka kummero kuuma. Anzangawo ali phee pakhonde, andipatsa nkhongo, akusankha nyemba. Osatembenuka n'komwe. Ngati mpanda wawakweza, atiuze, tidziwe."

Mwina wina afunsa kuti bwanji sanangokankha geti n'kulowa, poti silinali lokiya. Amene angafunse choncho sanaleredwe kwathu kuno. Munthu wamkulu salowa pa eni asanayankhidwe. Amati odi, n'kudikira. Akanena katatu osamva kuti fikani, amabwerera, ndipo amabwerera ndi nkhani.

A Makwinja anapitiriza ulendo. Anayamba kukumbukira tinthu. Wailesi kunyumba kwawo masiku amenewo inkalira ngati ya m'sitolo. Ketulo inkawira mpaka kuphwa, mwini wake ali pomwepo. Iwo omwe akaitana, ankaitana kawiri katatu, ndipo ankangoti ndi mmene ukwati umakhalira ukafika zaka makumi anayi, mkazi amasankha zoti amve. Anaima pakati pa mlatho n'kugwira pakamwa. Nazimbiri sanayambe matama ayi. Makutu ndiwo ankatha. Kale alendo ankafika mpaka pamaso pake, iye n'kuwaona. Tsopano ankaima patali, kuseli kwa geti limene a Makwinja anaika ndi manja awo. Anachita manyazi kwambiri.

Koma chilakolako cha zaka makumi atatu sichifa ndi manyazi a tsiku limodzi. Anawolokabe mlatho.

Atafika pageti pa a Juwawo anati, "Odi kuno!"

Mwini nyumba anali kuseli, akutsuka makola, madzi akuchita phokoso m'ndowa. Sanamve. Amene anamva ndi agalu awiri. Woyamba anali wamkulu, wakuda pamsana, wofiirira m'miyendo, makutu ali njo. Anabwera mosafulumira, naima pakati penipeni pa geti, n'kutulutsa mawu apansipansi ochokera m'chifuwa. A Makwinja anamva akakolo awo akuzizira, ndipo mtima wawo unati, ameneyu ndiye. Wachiwiri kanali kagalu koyera ka mawanga ofiira, kotalika osafika m'bondo. Kanafika pageti, kanawayang'ana, kanagwedeza mchira mpaka thupi lonse kugwedezeka, kenaka liwiro kuseli kwa nyumba. Kanabweranso, kanauwa kawiri, kanabwereranso. Ulendo wachitatu kanatulukira kakukoka mwendo wa buluku la a Juwawo, mwini wake akudzandira pambuyo ndi tsache m'manja.

Atalonjerana, a Juwawo anayamba kutama malonda awo. "Wamkuluyu ndi Jemani Shefadi, mtundu uja umayenda ndi apolisi. Ndinamuphunzitsa ndekha. Pamene waima ameneyu sipadutsa munthu, ngakhale abusa."

"Nanga munthu akati odi?"

"Alibe nazo ntchito za odi. Amadziwa mbuye wake basi."

"Nanga aka?"

A Juwawo anapukusa mutu. "Aka ndi Jaki Raso. Makoswe kamagwira, sindikana. Koma kali ndi chilema chokonda anthu. Munthu akangoti odi, sikandipatsa mtendere mpaka ndinyamuke. Taonani buluku langali. Anthu awiri anakatengapo, onse anakabweza. Akuti wakuba kangamulandire n'kumuonetsa pokhala."

A Makwinja anafunsa ngati sangatenge onse awiri. A Juwawo anaseka, nati mapanga awiri avumbwitsa: wina azikaitana mwini nyumba, wina akuthamangitsa mlendo, ndiye pakhomopo pazikhala chiyani?

A Juwawo anawagwirira galu wamkulu uja kuti amusisite. A Makwinja anaika dzanja pamutu pake, koyamba m'moyo wawo kugwira galu wotere iye osawagwira. Ubweya wake unali wosalala, khosi lolimba. Anatsinzina. Anaona mnyamata amene analowa ntchito m'malo mwawo akuthamanga pabwalo pawo, kabuku m'manja, akulunjika kumtengo. Anamwetulira. Kenaka m'maso omwewo munatulukira Nasibeko ndi ndodo yake ndi mawondo ake aja. Nanga ameneyu akakwera mtengo uti? Ndipo kumbuyo kwake anaona Nazimbiri pakhonde, ali yekha, akusankha nyemba.

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Anawerama, nanyamula kagalu kaja.

"Bambo, mwaganiza bwino?" anafunsa a Juwawo.

"Kunyumba kwanga kulibe chosowa mano," anatero a Makwinja. "Kukusowa makutu."

Ulendo wobwerera unali wa chipongwe chokhachokha, chifukwa tauni yonse inkadziwa za chigalu chimene ankachilengeza zaka zonsezi. Chingwe chija chinali cholemera kuposa galu wake, moti anangochikoleka paphewa, kagalu kali m'khwapa. A kabaza pamlatho anafunsa ngati galu weniweniyo akubwera pambuyo. Anzawo a pabawo anaimitsa masewera, wina nati, "A Makwinja, mwagula mphaka wouwa?" Iwo anaseka nawo limodzi. Anadabwa okha kuti kuseka kwake sikunawapweteke.

Nazimbiri, amene ankaopa chilombo chimene chinkabwera, ataona kanthu kali m'khwapa anaseka mpaka kukhala pansi. Kanali koyamba kuseka chotero m'miyezi yambiri. Kagalu kanakwera pamiyendo pake ngati kanabadwira pomwepo. A Makwinja sananene kanthu za makutu. Anangoti galuyu azidyetsedwa ndi mayi okha, kuti adziwe mbuye wake.

Ndiye inayamba ntchito imene anansi sadzaiiwala. M'mawa uliwonse a Makwinja ankatuluka, n'kutseka geti, n'kuima kunja kwa nyumba yawo yomwe, manja kumbuyo, n'kufuula, "Odi kuno!" Masiku oyamba kagalu kankangodumphadumpha pageti. Kenaka kanagwira nzeru yake yakale: liwiro kukhonde, kukanda Nazimbiri m'miyendo, kukoka nsonga ya chitenje, liwiro kubwerera. Nazimbiri ankatembenuka n'kuona amuna ake akuchita odi pakhomo pawo pomwe, n'kupukusa mutu. Anansi ankasuzumira pamipanda n'kumanong'onezana kuti kupuma pa ntchito kumasokoneza mitu ya anthu ena.

Itatha milungu iwiri, a Makwinja anapita kwa Nasibeko, chipewa chili m'manja. Sanaulule chinsinsi cha mkazi wawo, poti sichinali chawo. Anangopempha kuti, "Mayi, yesaninso kamodzi kokha. Mukapanda kuyankhidwa, mlandu ndi wanga."

Nasibeko anabwera Loweruka masana, nkhope ili gwa, atatsagana ndi amayi ena awiri kuti akhale mboni. A Makwinja anabisala kuseli kwa khola la nkhuku. Nazimbiri anali pamalo pake pa masiku onse, nkhongo kugeti, lichero pamiyendo.

"Odi!" anatero Nasibeko, kamodzi kokha, mopanda chiyembekezo.

Kagalu kanatuluka pansi pa mpando ngati mwala wa legeni. Kanafika pageti, kanagwedeza mchira, kanabwerera, kanaluma chitenje n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Nazimbiri anatembenuka, akuyembekeza kuona amuna ake ndi misala yawo ija. Ataona amene aima pageti, lichero linagwa, nyemba mbwee pansi.

"Nasibeko! Fikani! Fikani, anzanga, fikani!"

Anathamanga opanda nsapato, mayi wamkulu ndithu, kagalu kakuzungulira m'miyendo mwake. Anatsekula geti n'kukumbatira mnzake, ndodo n'kugwera uko. Nasibeko anayesa kuumitsa nkhope, koma inakana. Anafunsa za maulendo atatu aja, ndipo Nazimbiri anamuyang'ana pakamwa, napempha kuti abwereze. Pamenepo chilichonse chinaonekera poyera.

"Makutuwa anandithawa, mnzanga," anatero Nazimbiri, misozi ikutsika. "Ndinkachita manyazi kunena. Ndinkaopa kuti muzindikuwira ngati mukuitana munthu wa kutsidya la mtsinje."

"Ndiye ife timvekere wayamba matama!" anakuwa Nasibeko, pafupi ndi khutu lake penipeni. "Iwe, ine mawondo anatha, uyu mano anatha, uyo maso. Ukanatiuza, tikanakulandira m'gulu!"

Anaseka onse anayi mpaka kugwirana mapewa. Mmodzi anaimba nthungululu. Mphasa inatuluka, ketulo inakwera pamoto, ndipo a Makwinja anatulukira kuseli kwa khola ali ndi nthenga pajekete, akunamizira kuti ankaona mazira. Kwathu kuno dzina la galu limakhala uthenga kwa anansi, ndipo ambiri amatcha agalu awo mayina olalata. Tsiku limenelo Nazimbiri anatcha kagalu kake Fikani.

Mbiri inayenda msanga kuposa mmene inayendera yoipa ija. Pofika mwezi wotsatira, a Makwinja ankati akabwera kuchokera kubawo ankasowa pokhala pakhonde pawo pomwe, ndipo ankadandaula mokweza kuti shuga sakuchedwa kutha. Palibe amene ankawakhulupirira, poti ankadandaula akumwetulira.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, musapite kukanena kuti galu wamkulu uja anali woipa. Anali galu wabwino, ndipo anapeza mbuye wokhala ndi nkhokwe za katundu, kumene mano ake ankafunikadi. Onse awiri anali abwino, koma nyumba ya a Makwinja inkasowa mmodzi yekha. Ambirife tikamasankha chinthu cholowa nacho m'nyumba, kaya ndi chiweto, kaya ntchito, kaya malo okhala, timasankhira anthu odutsa mumsewu, kapena timasankha kuti tibwezere amene anatizunza kale. Amene timagona naye nyumba imodzi timamuiwala. Musananyamuke kokasankha, yambani mwakhala pansi ndi wa m'nyumba mwanu, mumufunse chimene chikumusowa. Akapanda kukuyankhani, musafulumire kupsa mtima. Senderani pafupi, mufunsenso.