Amene Anatsegula Msika

Anzanga, imvani! Azakhali anga sachotsedwanso ntchito!

Paja iwo amakonza mabuku a mbiri yakale kuyunivesite. Ndiye a Phwitiko, mkulu wa komiti yosindikiza, anawalamula kuti, "Mulembe kuti agogo anga ndiwo anatsegula msika wa Nthumbo. Apo ayi, mulongedze!"

"Ndamva bwana, ndilemba," anatero azakhali.

Dzulo, pamwambo wokhazikitsa bukulo, a Phwitiko anaimirira monyadira n'kuwerenga mokweza: "Gogo Phwitiko ndiwo anatsegula msika wa Nthumbo…" Anatembenuza tsamba. "…tsiku ndi tsiku, pakuti anali mlonda wosunga makiyi a pachipata."

Holo yonse inafa nalo phwete!

Azakhali ananyonyomala mwaulemu. "Pa mawu munandipatsa aja, ndasiyapo liwu liti, bwana?"

A Phwitiko anangopempha madzi akumwa.