Magazi a Woweta Nkhumba

Alhaji Bwanali Mkwanda anafika kwa Shehe Sumani Mtalika Lachiwiri, titangotsiriza swala, pemphero lathu la masana. Galimoto anaisiya kumsewu chitseko chili chotsekula, zimene zinandidabwitsa, pakuti Alhaji anali munthu wotsika m'galimoto pang'onopang'ono kuti aliyense aone kaye nsapato zawo. Tsiku limenelo ngakhale kofia kumutu kwawo inali itapendekeka.

Ine masiku amenewo ndinali mwalimu, mphunzitsi wa madrasa ya pamzikitipo, ndipo ndinali nditakhala pakhonde ndi Shehe, Mulungu awachitire chifundo. Ankasoka chigamba pa mkanjo wawo. Anali ndi mikanjo iwiri yokha, wa Lachisanu ndi wa masiku onse, ndipo singano sankalola wina kuwagwirira. Khonde limenelo kulibenso, lero pali sitolo ya mafoni. Ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali, chifukwa ndimawasowa kwambiri akuluwo.

Alhaji anapereka salamu, Shehe anayankha nawasunthira pamkeka. Nkhani yake inali iyi. Mwana wotsiriza wa Alhaji, Asiyatu, wa zaka khumi ndi zitatu, anali atagonekedwa kuchipatala cha kuboma. Malungo anali atamuthera magazi, zikhatho zili mbuu. Adokotala ananena mosabisa kuti akapanda kuthiridwa magazi dzuwa lisanalowe, iwo sakulonjeza kanthu. Monga mwa nthawi zonse, achipatala anauza banjalo kuti libweretse abale odzapereka magazi. Alhaji anadzaza galimoto ndi anthu asanu ndi anayi, ndipo woyamba kupinda mkono wa mkanjo anali iwo. Atawayeza onse, sanapezeke ndi mmodzi yemwe wogwirizana ndi mwanayo.

Pajatu magazi ali m'magulu anayi, A, B, AB ndi O, ndipo gulu lililonse limakhala pozitivu kapena negetivu. Munthu wa O negetivu angathe kupatsa aliyense, koma iye salandira kwa wina koma wa O negetivu mnzake. Anthu oterewa ndi osowa zedi. Asiyatu anali mmodzi wa iwo, pomwe bambo ake omubala anali A pozitivu. M'firiji ya chipatala munalibe ndi botolo limodzi lomwe la gulu lake.

Anamwino ankadziwa munthu mmodzi yekha wa gulu limenelo m'dera lonselo, Gelevazio Kachingwe, Mkatolika wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankaweta nkhumba. Anamutumizira uthenga, iye anangosiya khasu, nakwera njinga. Pamene Alhaji ankalankhula nafe n'kuti bamboyo ali pabenchi lachipatala, atamuyeza kale n'kupezeka kuti alibe matenda. Chimene chinatsala ndi chakuti kholo lisaine pepala.

"Shehe," anatero Alhaji, "ndabwera kuti mundiunikire. Mwana wanga waloweza Kurani kufika juzu ya khumi ndi chiwiri mwa magawo ake makumi atatu. Chibadwire sanalaweko nyama yosazinga Msilamu. Kodi lero ndilole kuti magazi a munthu wodya nkhumba alowe mumtima umene wasunga mawu a Mulungu? Nanga swala zake zidzalandiridwa?"

Shehe sanafulumire. Anati za magulu a magazi iwo ndi mbuli, mwini ntchitoyo ndi dokotala, choncho anafunsa ngati adokotala anenapo za njira ina. Alhaji anati palibe. Kenaka Shehe anawakumbutsa mofatsa zimene ophunzira a chipembedzo amagwirizana, kuti pamene moyo uli pangozi kulandira magazi n'kololedwa, ndipo safunsa kuti woperekayo amapemphera kuti.

"Zimenezo ndikuzidziwa, Shehe," anayankha Alhaji. "Ndinazimva ngakhale ndili ku Maka. Koma ife a kwa Mkwanda tili ndi mbiri yathu. Agogo anga ndi amene anamanga mzikiti woyamba kuno. Mtima wanga ukukana."

Ndinene zoona, ine ndinapsa mtima. Mwana akupuma movutika pabedi, bambo ake n'kumatiwerengera agogo! Mawu anali atafika kale pakamwa, ndipo sanali mawu oyenera mwalimu. Koma nditawayang'ana bwino Alhaji ndinaona kuti akungofinya tasibihi, mikanda yawo yopempherera, nkhope itadzala mantha, ndipo chisoni chinandigwira. Munthuyo sankadana ndi mwana wake ayi. Ankaopa Mulungu, ankaopanso pakamwa pa anthu, ndipo mantha awiriwo anali atasakanikirana moti sankathanso kuwasiyanitsa.

Shehe anabaya singano pachigamba paja, naika mkanjowo pambali.

"Alhaji, mundikhululukire ndikufunseni. Mwaswali kumbuyo kwanga zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi, Shehe."

"Kodi mwaswali mokayika?"

"Mulungu andikhululukire! Ndi tsiku limodzi lomwe."

Pamenepo Shehe anamasula mabatani a malaya awo, natisonyeza phewa lakumanzere. Panali chipsera chachitali, chotsika mpaka kunthiti. Ine ndinali nditakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri koma sindinachionepo. Anatiuza kuti ali mnyamata ankagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Halale, ndipo lole imene anakwera inagubuduzika, chitsulo n'kuwang'amba. Anatsitsimuka patapita masiku awiri, atawathira mabotolo atatu a magazi. Eni mabotolo awiri sanawadziwe konse. Wachitatu anamudziwa, chifukwa anabwera kudzawazonda: mnzawo wa pafamu, wokumba mbewa wotchuka, amene nkhumba ankaidya mpaka kunyambita zala, ndipo mumzikiti sanapondemo chibadwire.

Maso a Alhaji anali pachipsera.

Shehe anamanga mabatani aja limodzilimodzi, ndipo analankhula ndi mawu awo otsika aja, amene mpaka lero ndimawamva ndikatseka maso.

"Moyo umene ndakutsogolerani nawo swala zaka zonsezi, Mulungu anaubweza kudzera mwa anthu amenewo. Sanandifunse maganizo, ndipo ine sindinapezepo chodandaula. Tsono Alhaji, ngati magazi a munthu wotero amadetsa wolandira, ndiye kuti mwakhala mukuswali kumbuyo kwa munthu wodetsedwa, ndipo swala zanu za zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi muyenera kuzibwereza zonse. Koma kubwerezako mudzayambe mawa. Lero thamangani mukasaine, mwana akudikira."