Mtovu mu Mpope wa a Mbekeani

Chinthu chimene mnzako wakusungitsa sichisanduka chako, ngakhale kiyi wake agone m'thumba mwako chaka chathunthu. Lamulo limeneli a Dunstan Nkhwazi ankalidziwa bwino, pakuti iwo omwe ankaliphunzitsa ku Sande sukulu pa mpingo wawo wa ku Springburn, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Komabe Lachitatu lina masana, m'chipinda chosungiramo zida cha kalabu yowombera chandamale kunja kwa Glasgow, anatsekula kabati ya a Henderson Mbekeani natulutsa mfuti imene sanaipemphe.

Amalawi m'kalabumo anali awiri okhawa. A Mbekeani anali wamkulu, munthu wopuma pa ntchito yoyendetsa mabasi a mumzinda, amene tsopano ankanyamula nkhalamba za mpingo pa minibasi Lamulungu lililonse. Atachitidwa opaleshoni ya ng'ala, dokotala anawaletsa kuwombera ndi kuyendetsa kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo anasiyira a Nkhwazi kiyi kuti azipaka mfuti yawo mafuta, isachite dzimbiri.

Mfuti za awiriwa zinali za mtundu umodzi, zija zogawika pawiri: theka la pansi logwirira, ndi theka la pamwamba lokhala ndi mpope wotulukira chipolopolo. Pa mpikisano ankawombera zipolopolo zazikulu zokutidwa ndi mkuwa. Pophunzira ankafuna zing'onozing'ono za mtovu. A Mbekeani anali ndi matheka a pamwamba awiri, chipolopolo chilichonse ndi mpope wake. A Nkhwazi anagula kachitsulo kotchedwa kiti, kamene munthu amakalowetsa m'theka la zipolopolo zazikulu kuti mpope womwewo ulavulenso zing'onozing'ono.

"Achimwene, mpope si mkamwini woti azilima minda iwiri," a Mbekeani anawachenjeza tsiku limene anakaona kachitsuloko. "Mtovu umamatirira m'kati. Mukapanda kutsuka, chipolopolo chachikulu chimatuluka ngati woledzera."

"Madala, inu ndinu a kale," anayankha a Nkhwazi uku akuseka. "Mwamuna wanzeru amakwatira mkazi mmodzi."

"Ndiye musamamutume kuti akhalenso mlamu wanu."

Kachitsulo kaja kanagwiradi ntchito, koma zipolopolo za a Nkhwazi zinkamwazika pa chandamale ngati chimanga chowazira nkhuku. Munthu wa khosi louma sanena kuti ndalakwa. Amafunafuna wina womusenzetsa mlandu. Iwo anagamula kuti wolakwa ndi mpope wawo, ndi kuti kiti ikalowa mu mpope wa a Mbekeani, umene kalabu yonse inkaulemekeza, chilungamo chioneka. Anawombera ndi mfuti ya a Mbekeani Lachitatu loyamba, zinamwazika. Anabwereza lachiwiri, zinamwazikabe. Lachitatu lomaliza nthawi inawathera, shifiti yawo ku nyumba yosamalira okalamba ku Gorbals itayandikira. Anachotsa kiti, napukuta mfutiyo kunja mpaka kung'anima, koma ndodo yotsukira sanailowetse mu mpope. Anati adzatsuka Lachisanu.

Lachinayi m'mawa a Mbekeani anagogoda pakhomo, nkhope ili mwee. Dokotala anali atawamasula msanga, ndipo anadzatenga kiyi wawo.

"Mwandisungira bwino, achimwene?"

"Ili phuliphuli, madala," anatero a Nkhwazi. Ndipo sanali kunama, kunena za kunja kwake.

Loweruka anthu anadzaza pa bwalo kudzaonerera nkhalamba ikubwerera. Mayi Vainess, akazi awo a Mbekeani, anabwera ndi zitumbuwa m'kontena kuti akondwerere. A Mbekeani anagona chafufumimba, nayang'ana, nawombera zipolopolo zazikulu khumi mosafulumira monga mwa nthawi zonse. Moira, mayi wa ku Scotland woyang'anira bwalolo, anabweretsa pepala la chandamale. Mabowo anali apa ndi apo, awiri kunja kwenikweni kwa mzere wakuda, limodzi losapezeka n'komwe. Anawomberanso khumi. Zinali chimodzimodzi.

"Mwina ndi mphepo," anatero a Nkhwazi. Onse anayang'ana mbendera, zili lende ngati nsanza zonyowa.

"Kapena zipolopolo zake?" anawonjezera a Nkhwazi.

"Ndi bokosi lomwelo limene tonse tikuwombera," anayankha Moira.

A Mbekeani anavula magalasi, nawapinda pang'onopang'ono. Atalowa onse m'nyumba ya tiyi, anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa minibasi ya mpingo, namuika m'manja mwa akazi awo.

"Mukapereke kwa abusa mawa."

"Bambo a Wanangwa, mwayamba chiyani? Dokotala uja anati maso ali bwino," anatero mayi Vainess.

"Dokotala anandiwerengetsa zilembo pakhoma. Chandamale sichinyengerera munthu. Ine ndimaona ngati ndalunjika pakati, pamene diso likundinamiza. Ngati likundinamiza pa pepala, lidzandinamiza pa msewu, ndili ndi miyoyo khumi ndi iwiri kumbuyo kwanga. Ayi, amayi. Zatha."

Mayi Vainess anatseka kontena ya zitumbuwa, palibe amene anali atatengapo.

A Nkhwazi anatuluka mwakachetechete. Mvula ya ku Glasgow, ija yosabwera ndi bingu koma yolowa mpaka m'mafupa, inali itayamba. Kumanja kwawo kunali chipinda cha zida, kumene mfuti ya a Mbekeani inali isanatsekeredwe m'kabati; kumanzere nyumba ya tiyi. Mtima wina unati: pita ukatsuke mpope mobisa, mlungu wamawa nkhalamba idzawombera bwino, dzina lako lidzatsala loyera. Anayenda mapazi angapo kumanja. Koma anakumbukira mawu aja, "zatha," ndipo ankawadziwa a Mbekeani: mfuti imeneyo sadzaikhudzanso, ndipo mpope woyera m'kabati yotseka suchiritsa munthu. Anatembenukira kumanzere, koma manyazi anawaimitsa. Mkulu wa mpingo akaime pamaso pa azungu ndi alamu ake n'kunena kuti ndinatsekula kabati ya mwini? Anaima pakati pa bwalo, osalowa uku, osalowa uko, kufikira madzi anayenderera m'khosi la malaya.

Pomaliza anaitana Moira, nampempha kuti abweretse theka la pamwamba la mfuti ya a Mbekeani, lolekanitsidwa ndi linzake monga lamulo la m'nyumbamo linkafunira. Moira analiika patebulo, pakati pa makapu, ndodo yotsukira pambali pake.

"Madala, ndikupempha musuzumire mu mpopemo, mulozetse ku windo."

"Achimwene, mukufuna kundiseketsa? Wakhungu asuzumire chiyani?"

"Chonde, madala."

A Mbekeani ananyamula monyinyirika, natsinzina diso limodzi, nasuzumira ndi lija la opaleshoni. Kenaka mawu awo anasintha.

"Muli mtovu umu. Mizere yonse yozungulitsa chipolopolo yakwiririka. Taonani, wina wachita kuundana cha kumayambiriroku, ngati phala louma m'mbale."

"Mukuona zonsezo?" anafunsa mayi Vainess.

"Ndikuona bwinobwino, ngakhale kachidutswa kakang'ono kali cha kumanzereku."

"Ndi diso lakufa lija?"

A Mbekeani anatsitsa chitsulocho. Anayang'ana akazi awo, nayang'ana pawindo, kumene madontho a mvula ankatsetsereka lililonse palokha, ndipo anaseka chiseko chimene chinathera m'misozi. Moira atamasuliridwa anawomba m'manja, ndipo nyumba yonse inapuma. Mayi Vainess anabwezera kiyi wa minibasi m'thumba la amuna awo, nasisita thumbalo kawiri.

"Koma mtovu mu mpope uwu sindinauwomberepo chiugulireni," anatero a Mbekeani. "Walowa bwanji?"

A Nkhwazi anaimirira, madzi akudontha m'jekete. Analankhula m'Chingerezi kuti kalabu yonse imve, kenaka anabwereza m'Chichewa kuti mawuwo awapweteke iwo eni mokwanira.

"Ndine, madala. Munandisungitsa kiyi kuti ndipake mafuta, ine ndinatenga mfuti yanu katatu osapempha. Ndinalowetsamo kiti yanga pofuna kuonetsa kuti inu ndinu wolakwa. Ndinaibweza yosatsuka, ndipo Lachinayi ndinakuyang'anani m'maso osaulula. Lero ndinakuonani mukudziyesa wakhungu, ine n'kumanamizira mphepo. Alamu, zitumbuwa zanu ndaziziziritsa ndine. Akomiti agamule monga afunira. Ine chokana ndilibe. Ndinafuna mpope umodzi utumikire zipolopolo ziwiri, ndinafunanso kusunga dzina langa ndi chibale chanu nthawi imodzi. Taonani mmene ndanyowera."

A Mbekeani anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, ndi maso oona bwino, nawakankhira ndodo yotsukira.

Sanalakwitse akale aja: mapanga awiri avumbwitsa.