Phala la a Tigwade

Bambo ake a telala wina wa kwathu kuno ankatchedwa a Tigwade, ndipo dzinalo anawapatsa ndi ana awo omwe. Pa zaka zonse zimene ankayendetsa basi, m'nyumba mwawo munthu sankalawa kanthu anthu asanapemphere. Tiyi azizire, ana achedwe kusukulu, abwana akalipe, iwo ankangoima pabalaza kudikira mpaka womaliza atatuluka kubafa. "Moni woyamba ngwa Mwini tsiku," ankatero. "Tigwade."

Telalayo, mwana wawo wamkazi, anakula mawondo akuwawa, ndipo atapeza nyumba yakeyake anati zogwadazo zathera komweko. Kutchalitchi ankapita ndithu, koma m'mawa wonse unali wa makasitomala. Mulungu ankangomupatsa makombo, kapemphero ka pabedi kothera m'tulo kasanafike pa ameni.

Mayi atamwalira, a Tigwade anayamba kudwala matenda oiwala, ndipo telala anawatenga kuti azikhala nawo. Nkhalambayo inaiwala misewu imene inakalambirapo, inaiwala ndi nkhope ya mwana wake yemwe. Zimenezo telala anapirira. Chimene chinamuthetsa nzeru n'chakuti bambo ake anasiya kudya.

M'mawa uliwonse ankawapeza atavala kale, malaya atamanga mpaka batani la pakhosi, ataima pabalaza. Iye, tepi yoyezera ili m'khosi, makiyi a shopu ali kumanja, ankawaikira phala ndi mankhwala patebulo.

"Ababa, idyani msanga, ndikuchedwa."

"Sanafike onse," ankayankha choncho, maso ali kukhomo.

Telala ankaganiza kuti akudikira malemu mayi, ndipo zinkamulasa mtima. Anasintha mbale, anathira mkaka m'phala, ananyengerera, tsiku lina mpaka anakalipa. Madzulo ankapeza phala litauma m'mbale, bambo atangolawa pang'ono zimene woyandikana nawo nyumba anawakakamiza. Lamba anayamba kusowa bowo. Dokotala sanapsatire mawu: akapitiriza chotere awagoneka m'chipatala, azidyera m'chubu cha m'mphuno.

Atatuluka kwa dokotala, telala anaimbira foni mchimwene wake, misozi ikulengeza. Mchimweneyo, pofuna kumusangalatsa, anaponyamo nthabwala.

"Koma ndiye ukalamba ulibe ulemu. Ndiye kuti a Tigwade asiya kugwaditsa anthu? Mawondo ako apuma, chemwali."

Telala sanaseke. Anangoti kukamwa yasa, foni ili kukhutu. Munthu woima pabalaza, atavala bwino, osakhudza chakudya, kudikira kuti onse afike: si chithunzi chomwechi chimene anakula akuchiona? Manyazi anamugwira. Amene ankadikiridwa masiku onsewa anali iyeyo.

Kutacha anaika makiyi patebulo, anavula tepi m'khosi, anazimitsa foni ngakhale kuti kasitomala wa diresi la ukwati anali ataimba kale kawiri. Anaima pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, tafika tonse."

Nkhalamba inamuyang'ana kwa kanthawi, kenako nkhope inamasuka. "Tigwade," inatero.

Mawondo okalamba aja anatsika pang'onopang'ono, dzanja litagwira mpando. Ndipo munthu amene sankadziwa ngakhale kumene kuli chimbudzi m'nyumbamo anapemphera mosadodoma, mawu ali myaa ngati kale. Anathokoza Mwini tsiku chifukwa chowadzutsa. Anapempherera apaulendo ndi onse ogwira chiwongolero. Kenako anayamba kutchula ana ake mmodzimmodzi, kuyambira woyamba, ndipo telala anamva dzina lake likutuluka pakamwa pamene panali patatha miyezi osalitchula. Analira osabisa.

Atanena ameni, a Tigwade anakhala pampando, anakokera mbale pafupi, n'kuyang'ana mwana wawo modabwa.

"Nanga supuni ili kuti? Phalatu likuzizira."

Anadya lonse, mankhwala n'kumwa. Chubu chija anangochimvera kwa dokotala. Matenda oiwala sanathe ayi, masana ankamufunsabe telala kuti ndi mwana wa yani. Koma shopu masiku ano imatsegulidwa mochedwerapo, ndipo makasitomala azolowera.

Ine ndimawasirira a Tigwade. Matenda analanda zonse zimene anasunga m'mutu, koma chimene anachiika patsogolo tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse analephera kuchizula, ndipo n'chomwecho chimene chinabweza mwana wawo pamaso pa Mulungu. Akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.