Kawotchi Kamene Kanamva Mtima wa Nachisale

Panali munthu wina, mayi wachikulire ndithu, dzina lake Nachisale, amene ankakhala kuseri kwa msika wa ku Balaka. Mwamuna wake anali a Likongwe, bambo wa mimba yawo ndi mpando wawo. A Likongwe anapuma pa ntchito kalekale, ndipo chipumireni sanaleke kupuma. M'mawa pakhonde, masana pansi pa mtengo wa bawo, madzulo pakhonde pomwe paja. Miyendo ya pakhomopo anali mayiyo. Kumjigo ndi iye, kuchigayo ndi iye, kokagula makala ndi iye, kokaphika kumaliro ndi iye yemweyo.

Anali ndi mwana mmodzi, Mwandida, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera ku Joni. Chaka china adokotala anawapeza a Likongwe ndi matenda a shuga, nawalamula kuti aziyenda tsiku lililonse. Mwandida pobwera pa Khirisimasi anatenga kawotchi kakuda ka lamba wa labala, kamene abwana ake anakasiya atagula katsopano. Kanali kokalamba, galasi lake lokalikakalika, ndipo kankadziwa ntchito imodzi basi: kuwerenga mapazi a munthu amene wakavala. Kakayandikira foni ya pakhomo pa a Likongwe kankaiuza zimene kawerenga, foniyo n'kukanena kwa Mwandida.

"Adadi, ndizikuonani ndili konko," anatero Mwandida powamanga pamkono. "Mukangokhala pansi, ine ndidziwa."

Mwana atabwerera, a Likongwe anapita nako kubawo. Anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Aa, a Likongwe, mwayamba zibangili? Mawa mubwera ndi ndolo!"

Madzulo ake anakavula, nakaponya pamphasa pamene panakhala mkazi wawo.

"Amake Mwandida, inu mumayendayenda kale. Valani ndinu. Mapazi ndi mapazi, kanthu aka sikadziwa nkhope."

Nachisale anali wotopa, ndipo kukangana kumafuna mphamvu. Anakatola. Poopa maso a azimayi a kumjigo, anakamanga pamwamba pa chigongono, mkati mwa mkono wa bulauzi. Lamba anakwana bwinobwino, chifukwa mkonowo unali utaonda.

Ndiye ku Joni kunali chimwemwe. Mwandida ankaonetsa anzake foni, amvekere bambo anga akuyenda kuposa anyamata. Anatumiza nsapato zoyera zothamangira. A Likongwe ankazivala popita kubawo, ndipo chaka chinatha pansi pake pasanadyeke. Nachisale ankayenda ndi mapatapata omanga ndi waya.

Tsono mvetserani apa. Opanga mawotchi aja, kwawo kutaliko, anatulutsa atsopano odziwa kumvera mtima ndi tulo ta munthu. Patapita nthawi anakumbukiranso akale. Anatumiza nzeru zatsopanozo kudzera m'mafoni, zimene ana amasiku ano amati apudeti, kuti ngakhale kawotchi kotayidwa kaphunzire ntchito ya anzake atsopano. Masana ena Nachisale akusesa, kawotchi kananjenjemera pamkono. Atakweza bulauzi anaona kagetsi kobiriwira kumsana kwake, kamene sikanayakepo chiyambire, kakuphethira pakhungu. Iye anangoti kayamba kufa, paja n'kokalamba. Anatsitsa mkono wa bulauzi napitiriza kusesa.

Sabata isanathe foni inalira. A Likongwe anaikweza mawu monga mwa chizolowezi chawo, kuti oyandikana nawo amve kuti ali ndi mwana kunja. Nachisale anali pakhomo akusankha nyemba.

Mwandida ankalira.

"Adadi, bwanji simunena? Kawotchi kayamba kumva mtima tsopano. Mtima wanu ukuthamanga, kenaka ukudumpha, kenaka ukukhala ngati waiwala. Tulo simukugona. Mukanyamuka m'mawa ukumagunda ngati mukukwera phiri. Simukumva kubanika? Simukumva chizungulire?"

Manja a Nachisale anaima m'lichero. Kwa miyezi yambiri ankamva ngati muli kambalame m'chifuwa, kakuphupha pofuna potulukira. Pochokera kumjigo ankatula ndowa panjira, n'kumanamizira kukonza chitenje, podikira kuti mdima uchoke m'maso. Sanauzepo munthu. Lero mwana wake ankatchula zonsezo, chimodzichimodzi, mosaphonya. Koma ankauza munthu wina.

A Likongwe anayang'ana mkazi wawo, nayang'ana kumbali. Kenaka anatsokomola.

"Eya, mwanawe. Ukalamba. Tikulimba choncho."

Foni itaduka, Nachisale anati, "Bambo a Mwandida, mtima akunenawu si wanu."

"Tizinthu tachizungu timanama," anatero a Likongwe. "Musakavule. Mukavula afunsa kuti mapazi apita kuti, ndiye ine ndidzaoneka wotani pamaso pa mwana?"

Nachisale anabwerera ku nyemba zake. Tsiku la ukwati wake anankungwi anamuuza kuti mkazi sachititsa manyazi mwamuna pamaso pa ana, ndipo mawu amenewo anawasunga zaka zonsezi ngati mbale za alendo.

Mwandida sanagone nayo nkhani. Anaimbira azakhali ake a ku Ntcheu, anaimbira amalume, anaimbira akulu a mpingo. Ndipo mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno: kukamveka kuti uje wadwala, timapita kukazonda. Anthu anayamba kufika. Azakhali, mlongo wawo wa a Likongwe, anabwera ndi nkhuku ndi chikwama cha zovala, kusonyeza kuti sabwerera msanga. A mpingo anabwera ndi nyimbo. Anzawo a kubawo, omwe aja oseka zibangili, anabwera chimanjamanja koma ndi njala yabwino.

A Likongwe anawakhazika pampando wa makushoni, bulangete m'miyendo, dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo. Anaphunzira kuyankha moni ndi mawu aang'ono. Ntchafu ya nkhuku inkapita kwa iwo. Ndipo kunena zoona matendawo anawakhala bwino: masaya anadzaza.

Nanga alendo ozonda amamwa chiyani? Tiyi. Madzi ake atunge ndani? Makala akagule ndani? Nkhuku ya azakhali aisosole ndani, mbale atsuke ndani, agwade ndani popereka madzi osamba m'manja? Alendo akachuluka, maulendo a kumjigo ankachuluka. Maulendo akachuluka, kambalame kaja kankaphupha kwambiri. Kakaphupha, kawotchi kankanena ku Joni, ndipo Mwandida ankaimbira abale ena kuti thamangani, Adadi zafika poipa. Basi alendo enanso pakhomo.

Panabukanso kankhani kena kokoma. Mwandida anadandaula kwa azakhali kuti bambo ake sakumva zopuma, mapazi akungochuluka, makamaka m'bandakucha. Azakhali ananong'oneza mayi wina wa mpingo, mayiyo ananong'oneza wogulitsa tomato, ndipo pofika Lamulungu msika wonse unkadziwa kuti a Likongwe amazemba kusanache kupita kwa kamkazi kena ka kusiteshoni, n'chifukwa chake mtima ukuwathera. Ena anafika potchula mtundu wa chitenje chake. A Likongwe atamva sanakane mwamphamvu. Zinawakomera kuti anthu akuwayesa oterowo.

Azakhali anamukokera Nachisale kuseri kwa nyumba.

"Mlamu, mwamuna sathawa pakhomo pachabe. Mumusamale mlongo wanga. Taonani mmene mwadzitayira, khosi ngati la nkhuku yonyowa."

"Ndamva, alamu," anatero Nachisale, nanyamula ndowa.

Loweruka lina nyumba inadzaza. Kunabwera akulu a mpingo, amalume, ndi amayi a chigwirizano atavala zoyera zawo. Nachisale anali atabwerera kumjigo kangapo m'mawa umenewo. Ulendo womaliza anatula ndowa pakhomo la khitchini, nagwira chitseko, dziko likuzungulira. Anadikira kuti liime. Kenaka anathira madzi m'beseni, natenga kathawulo, nalowa pabalaza kuti alendo asambe m'manja.

Nthawi yomweyo Mwandida anaimba foni yoonana nkhope. Amalume anaigwira moyang'anitsa kwa wodwala.

"Adadi! Gonani pansi msanga! Mtima wanu pompano ukuthamanga koopsa. Amalume, pezani galimoto!"

Anthu onse anatembenukira kwa a Likongwe. Iwo anali phee pamakushoni, chiwindi cha nkhuku chili m'manja, akupuma bwinobwino ngati mwana woyamwa.

"Koma mwangokhala pansi," anatero Mwandida, mawu atatsika. "Adadi, tandionetsani mkono."

A Likongwe analowetsa mkono m'bulangete.

Nachisale anali atagwada ndi beseni patsogolo pa mkulu wa mpingo. Anaganiza za anankungwi aja, amene onse anamwalira kalekale. Anaganiza za ndowa imene inkamudikira mawa, ndi ya mkuja. Sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe. Anangotopa.

Anaika beseni pansi. Anakwinya mkono wa bulauzi pang'onopang'ono mpaka paphewa, naukweza kuti foni ione. Kagetsi kobiriwira kankaphethira m'mbali mwa lamba.

"Mwandida mwanangu," anatero, "mapazi aja ndi anga. Mtima umene ukuulirawu ndi wanganso."

Mayi wina wa chigwirizano anayang'ana nsapato zoyera zili pansi pa mpando, nayang'ana mapatapata a waya ali pakhomo.

Nachisale anasuntha beseni ndi phazi, nagona pamphasa pomwepo, pakati pa alendo, masana dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwireni. Bulangete lija amalume analichotsa m'miyendo ya a Likongwe namufunditsa.

Galimoto imene anaitanira bambo inanyamula mayi. Kuchipatala anati mtimawo watopa zedi, ndipo akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Anamupatsa mankhwala a moyo wake wonse, namuletsa kusenza chilichonse cholemera. Ali moyo mpaka lero, koma mphamvu zija sizinabwerere. Amakhala pakhonde, kawotchi kali poyera pamkono, ndipo akatopa amanena.

Ndowa inagwera a Likongwe. Masiku oyamba azimayi a kumjigo ankawafunsa za kamkazi ka kusiteshoni, iwo n'kumangopukusa mjigo. Nsapato zoyera zija zinadyeka pansi mvula isanagwe. Ndipo shuga uja, akuti, anatsika.

Tsono inu amene mukundimvera, kawotchi kaja kanali kotayidwa, koma muukalamba wake kanalola kuphunzira chinthu chatsopano. Kale kankangowerenga mapazi, kenaka kanayamba kumva mtima. Ife pakhomo pathu tidakali pa mapazi. Timaona kuti madzi abwera, tiyi wafika, mbale zayera, ndipo timayamika amene wakhala pampando. Mukapita kokazonda wodwala, muyang'anenso amene wagwada ndi beseni. Ndipo lero mukafika kunyumba, musanafunse kuti madzi osamba ali kuti, mufunseni wotungayo mmene m'chifuwa mwake mukugundira, ndipo mudikire mpaka ayankhe.